Mtanda wa Dominiko

Madumabisa, Wanki
17 Febuluwale 2008

Amake Dominiko,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse kwathu ku Bembeke. Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwa Wanki mukukudziwa, sikunasinthe chichokereni inu. Kalata yanu anandipatsa mayi Paulina, otinyamulira makalata aja, potuluka m'tchalitchi, pamodzi ndi nyemba zija. Nyembazo ndathokoza, koma mwandiyesa njiwa kodi? Kathumba kameneka sikafika ndi pa Pasaka pomwe.

Mwafunsanso za manda a mwana wathu. Makalata awiri apitawa funsoli ndimalilumpha dala, lero ndiyankha. Mtanda wachitsulo tinazika mu 2003 uja watha. Mpweya wa malasha kuno umadya chitsulo ngati chiswe, ndipo utoto tinalembera dzina uja unasuluka kalekale. Nditapita kukalambula mwezi watha ndinazungulira kawiri ndisanapapeze, ine bambo wake. Mzere wonsewo ndi chimodzimodzi, mitanda ina inagwa, ina inasowa. Pa Khirisimasi mabanja awiri anatsala pang'ono kumenyana pa manda amodzi, aliyense akuti m'menemo mugona wake.

Nkhani ina ndi iyi. Wekishopu yathu ikutsekedwa chaka chino, mwini wake watiuza tonse Lachisanu. Nyumba ino ndimakhalamo m'dzina lake, ndiye makiyi ndipereka pa 30 Novembala. Ndikubwera kwathu, zaka makumi atatu ndi zinayi zakwana. Koma sindingachoke n'kumusiya Domi pansi popanda dzina. Mdzukulu wanu Beverly ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha, mayi ake Sifiso akadali mtsikana, tsiku lina adzakwatiwa kwina ndipo palibe angawaletse. Mwanayo akadzakula adzawapeza bwanji bambo ake?

Ndipanga mtanda wa sitenilesi, chitsulo choyera chosachita dzimbiri chija. Moyo wanga wonse ndawotcherera matanki ndi mapoto a anthu ena, koma mwana wanga ndinamuikira chitsulo cha mafelemu a zenera. Ndikamaganiza ndimachita manyazi.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale alamu anu akunyengerereni bwanji. Denga la khitchini lidikire ine.

Ndine mwamuna wanu,
Fideli

Madumabisa
6 Epulo 2008

Amake Dominiko,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani amoyo, ndipo chifuwa munanena chija chatha. Ine ndikudzuka. Za masankho akuno musandifunse, ife obwera timangoyenda choyang'ana pansi, ndipo pepala lilibe chitseko.

Chitsulo ndapeza. Foromani wandipatsa mapaipi awiri ndi kapuleti otsala pa ntchito ya kukhitchini ya sukulu ina, ndipo anandilembera kalata ya pageti kuti asanditche mbala. Chovuta ndi marodi, timitengo towotcherera tija. Sitenilesi ili ndi marodi akeake. Ukaipusitsa ndi rodi wamba imaoneka ngati yagwira, koma pakapita mvula imodzi msoko umafiira n'kung'aluka. M'sitolo zonse za m'tauni mashelefu ali mbee. Ndinali nawo anayi m'bokosi, kenaka Américo wandibweretsera ena asanu ndi imodzi omwe amabisa m'denga kuyambira kalekale. Mukumukumbuka Américo, mnzanga wa ku Angonia uja, bambo wake wa ubatizo wa Domi. Anapuma ntchito koma pakamwa sipanapume. Akuti ndisawononge marodi ake ndi manja anga a nkhalamba, chonsecho wamkulu ndi iye.

Munandiseka m'kalata kuti mtanda wokha ukundidyera miyezi. Amake mwana, chitsulo ichi n'chamatama. Ukachipatsa moto wambiri chimapindika, msoko n'kuda ngati khala, ndiye kuti wachipha. Umadontheza pang'ono uku, pang'ono uko, n'kuchisiya chizizire, kenaka n'kubwererapo. Msoko wabwino umatuluka ndi mtundu wa udzu wouma. Tsono magetsi akumabwera pomwe afunira, ndipo akabwera ntchito ya abwana ndiyo imayamba. Ine ndimagwira wanga pa nthawi ya chakudya.

Maso akumachita mchenga ndikaweruka. Si nkhani, ndi matenda a ntchito yathu. Kale munkandiika timagawo ta mbatatesi pazikope, lero mbatatesi ukaipeza sungaiike m'maso. Buledi mtengo wake wam'mawa ndi wina, wamasana ndi wina, ndiye ndinasiya kufunsa.

Chimanga mukakolola musathamangire kugulitsa. Chaka chino pakhomopo pabwera pakamwa pena.

Fideli

Madumabisa
25 Meyi 2008

Amake Domi,

Moni kwa inu nonse. Lero ndikulemba mtima uli m'malo, ngakhale m'mimba mulibe kanthu.

Mtanda tazika dzulo. Ndikanakonda mukanauona. Ndinaupukuta masiku atatu mpaka munthu kumadzionera nkhope, ndipo misoko yake ngakhale mutayendetsapo chala simungadziwe pomwe paipi yakumana ndi inzake. Dzina ndinakhoma ndi zidindo zachitsulo pa kapuleti kaja: DOMINIKO CHIMKWITA, chaka chobadwa, chaka chomwalira, ndi mawu oti Bembeke, Dedza, kuti odutsa adziwe kuti munthuyu anali ndi kwawo. Dzuwa likamatuluka umaonekera kumsewu wa makombi, maminibasi a kuno. M'manda monsemo mulibe unzake.

Sifiso anabwera ndi mwana kuchokera kukomboni ya Empumalanga. Mpongozi wanuyo anagwada n'kulira, kenaka anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Baba, mwatichotsa manyazi." Beverly anawerenga dzina lonse yekha. Pa Chimkwita lilime linamukana, anatchula mwa Chindebele, tonse tinaseka pamanda pomwepo, Mulungu atikhululukire. Ndimamuyankhula Chichewa iye n'kumandiyankha Chindebele, koma amamva zonse, makamaka ukatchula shuga.

Anthu a kutchalitchi akubwera kudzafunsa ngati ndingawapangire yawo. Ndikuwauza kuti marodi atha. Américo yekha ndiye sanayamikire. Anauzungulira kawiri manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Wawalitsa kwambiri, mzanga." Ndinamuuza kuti nsanje ikumupweteka, iye sanawotchererepo msoko wotere chibadwire.

Ndalankhula ndi wojambula zithunzi wa kumsika. Akuti filimu akuyembekeza kuchokera ku Bulawayo. Ikangofika ndikutumizirani chithunzi ndi mayi Paulina, mudzachiike pafupi ndi cha Mtima Woyera.

Ndine,
Bambo a Dominiko

Madumabisa
20 Julaye 2008

Amake Dominiko,

Ndalandira makalata anu onse awiri. Ndili moyo. Kuno kwazizira m'mawa, fumbi la malasha lachuluka.

Sindinalembe mu Juni chifukwa mayi Paulina sanayende, njira sizinali bwino. Tinkakhala m'nyumba.

Ufa tikumagula kwa anthu ochokera ku Zambia, sopo chimodzimodzi. Ku wekishopu tatsala anthu asanu. Ndinapita kuchipatala za maso aja, anandipatsa pepala la mankhwala koma mankhwalawo kulibe. Mukaona zilembo zakula musadabwe, ndi cholembera.

Mwachita bwino kumata nkhokwe. Malire a dimba lakumunsi musakangane nawo, ndidzayankhula ndine ndikafika.

Za chithunzi dikirani.

Fideli

Madumabisa
31 Ogasiti 2008

Amake Dominiko,

Moni. Mwandilembera mawu owawa, ndipo ndawalandira chifukwa ndi oona. Simunayenere kumva kwa mayi Paulina nkhani yomwe mwamuna wanu amaidziwa miyezi itatu. Ndinkati ndikonze kaye ndisanakuuzeni. Ndinalakwa.

Inde, mtanda anaba. Unakhala masiku asanu ndi anayi okha. Anaudula patsinde ndi sowo, anangosiya kachitsa kotalika ngati chala. Kuno njala yafika poti anthu akuzula mawaya, mipope, zivundikiro za ngalande, chilichonse cholemera pasikelo. Ogula zitsulo zakutha amayenda ndi maginito m'thumba. Maginito akakakamira ndiye kuti ndi chitsulo wamba, mtengo wake ndi wa tomato. Akakana kukakamira ndiye kuti ndi sitenilesi, amalipira ndi ndalama zakunja. Izi ndimazidziwa bwino lomwe, ndipo Américo anandichenjeza, koma ine ndinkafuna anthu aone ntchito ya manja a Fideli. Walira mvula walira matope.

Ndinayenda m'malo onse ogula zitsulo. Tsiku lachitatu, kuseri kwa galaja ina, ndinapeza mkono umodzi wa mtanda uli pamulu, wodulidwa pawiri. Msoko wanga sindingausokoneze ndi wa wina. Mwini malowo anandifunsa kuti, "Madala, pali dzina lanu pamenepa?" Kapuleti ka dzina kanali katapita kale pa lole. Ndinanyamula mwala, amake mwana, ine munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mkulu wa mphakati. Ndinauponya pansi n'kubwerera. Sabata yonseyo sindinadye bwino.

Sifiso anazikapo kathabwa, dzina analemba ndi choko cha mwana. Kathabwa kameneko ndiko kamandipweteka.

Tsopano ndikuuzeni china musanachimvenso kwa ena. Tebulo lanu la sitenilesi lija, lomwe ndinakupangirani mukugulitsa mandasi pamsika wa Madumabisa, ndalidula. Ndikudziwa munati ndidzabwere nalo. Ndinafuna kupempha kaye, koma kalata kupita ndi kubwera ndi milungu isanu, ndipo Novembala sakudikira. Chitsulo china chokhuthala chonchija kuno kulibe. Pamene gilayinda yodulira zitsulo imalowa ndinakumbukira Domi ali wamng'ono akugona pansi pa tebulo lomwelo inu mukukazinga. Ndinazimitsa n'kukhala kaye panja.

Marodi atsala atatu. Mukafuna kundikalipira kalipirani, ndamva kale.

Mwamuna wanu,
Fideli

Madumabisa
12 Okutobala 2008

Amake Domi,

Ndikuyembekeza muli bwino ndi kutentha kwa mwezi uno. Kuno ngakhale anyani akubisala masana. Mawu anu ndawerenga katatu. Mwati tebulo ndi la mwana, analigonera pansi ali moyo, aligonerenso pansi.  Zikomo, Emeliya.

Mtanda wachiwiri watha. Tebulolo ndinalidula m'mizere n'kuipinda ngati bokosi lalitali. Ulendo uno dzina sindinaike pa kapuleti koti munthu n'kukanula. Ndalilemba ndi moto pa mtanda penipenipo, chilembo chilichonse ndi msoko wotukuka, woti ngakhale wakhungu awerenga ndi chala. Ndinasiya chaka chobadwa ndi mawu a Dedza, rodi sikanakwana. Bembeke ndiye ndinakakamira.

Sindikubisaninso, diso lakumanzere likuona utsi wokhawokha. Ndikavala chisoti chowotcherera mzere wa choko umandisowa. Ndiye Américo amabwera, amaima kumbuyo kwanga ndi chisoti chake chakale n'kumandiuza, "Kumanja pang'ono, tsika, ima." Nkhalamba ziwiri pa rodi imodzi. Tinakangana pa chilembo cha K mpaka foromani anabwera kudzaona. Rodi yomaliza inathera pa E womaliza, inatsala kachidutswa kosakwana ndudu.

Patsinde ndawotcherera ndodo zachitsulo zopingasa, ndipo tidzathira konkire yakuya kufika m'bondo. Simenti yapezeka posinthana ndi njinga yanga, kwathu sindikanaikweza basi ndi kale. Koma konkire siletsa sowo, izi ndikudziwa. Américo akuti tiupake utoto wakuda. Utoto pa sitenilesi sukhalitsa, dzuwa la kuno liusenda miyezi itatu, ndipo ine ndidzakhala nditapita. Ndili ndi maganizo ena. Sindinamuuze iye, ndipo sindilemba pano.

Pa 2 Novembala ansembe adzadalitsa manda onse monga mwa chaka ndi chaka. Inunso kumeneko mukamutchule pa Misa.

Fideli

Madumabisa
9 Novembala 2008

Amake Dominiko,

Moni kwa inu ndi onse. Iyi ndi kalata yomaliza, inayo ndidzakhala ine mwini. Ndaimata kawiri, ndipo muiwerenge nokha. Mayi Paulina akuuzani zomwe anaona kumanda, ndipo sanama. Koma werengani kaye mpaka pansi.

Mu ntchito yathu muli lamulo limodzi lomwe ndaphunzitsa aliyense wodutsa m'manja mwanga. Bulashi ya waya yomwe yakhudza chitsulo wamba isayandikire sitenilesi. Imasiya tinyenyeswa tosaoneka, ndipo tikanyowa chitsulo choyeracho chimafiira ngati chawola. Ndinathamangitsapo anthu awiri pa ntchito chifukwa cha bulashi imeneyi. Wanki yonse ya amisiri imandidziwa ndi lamulo limeneli.

Mtanda usanatuluke mu wekishopu, anzanga atapita kukadya, ndinatenga bulashi yakuda kuposa zonse n'kuukwecha paliponse. Kenaka ndinagaya chitsulo chakutha pafupi kuti nthethe zake zigwere pomwepo. M'kati mwa bokosi lija ndinali nditalowetsamo kale zidutswa za chitsulo wamba ndisanatseke, kuti maginito azikakamira. Titazika ndinkapita m'mawa uliwonse ndi chigubu cha madzi kukauwaza.  Pofika tsiku lodalitsa manda unali wofiira psuu, wonyansa kuposa woyamba wa mafelemu uja. Dzimbirilo ndi la pakhungu pokha. Pansi pake chitsulo chili bwinobwino, ndipo dzinalo Beverly adzalipeza ali ndi zidzukulu zake.

Pa tsikulo anthu anadzaza manda. Ndinamva ndi makutu anga. Wina anati Fideli maso atha, watenga bulashi yolakwika. Wina anati anamugulitsa marodi abodza iye osazindikira. Mmodzi mwa omwe ndinawathamangitsa aja analipo, anayandikira n'kunena mokweza kuti, "Aphunzitsi, kodi lamulo lija linasintha?" Anthu anaseka chobisa pakamwa.  Mawu anayi okha akanakwana kumutseka pakamwa, koma m'khamu lomwelo munali anyamata oyenda ndi maginito m'thumba. Ndinangovula chipewa n'kuyang'ana pansi.

Sifiso ndiye anandilasa. Anadikira anthu apatuke n'kunena kuti, "Baba, mukanangondiuza kuti simukuonanso, ndikanapempha wina. Tebulo la Mama mwaliwonongeranji?" Misozi ili mbwembwe. Sindinamuuze. Ndi mwana wabwino, koma manyazi akadzamukulira adzayankha wina pamsika kuti apongozi anga si opusa, ndipo mawa lake padzakhala kachitsa. Andikwiyire, ndipirira.

Américo anafika mochedwa. Anagwada ngati akupemphera, ine ndili pambali. Ndinamuona akukanda patsinde ndi kiyi, pansi pake panatuluka poyera. Anatapa dothi, kulavulira, kumata pomwe anakandapo. Atadzuka sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa anthu n'kukuwa kuti, "Marodi anga asanu ndi imodzi! Ndinanena ine kuti nkhalamba iyi yatha. Chitsulo ichi ngakhale wa sikelo sangachilandire." Wakhala akulalika zomwezo kumsika, kumpira, ndi pa mzere wa ufa sabata yonseyi. Dzulo anabwera kunyumba ndi mazira awiri, tinadya osatchula kanthu.

Lachinayi ndinapeza mapazi achilendo pamanda. Mitanda iwiri ya aluminiyamu mzere wakumtunda yapita. Wa Domi uli chiimire.

Ndinyamuka pa 30, ndidzera ku Lusaka ndi ku Chipata. Wina adzandichingamire pa siteji ya Bembeke, chifukwa zikwangwani sindikuziwerenganso ndili m'basi. Katundu ndi wochepa, bokosi la zida ndamusiyira Américo.

Nkhaniyi ifika kumeneko ine ndisanafike, mukudziwa m'mene anthu athu amayendera. Mudzamva kuti Fideli Chimkwita anachoka ku Wanki atalephera kuwotcherera mtanda wa mwana wake yemwe. Ndikukudziwani, Emeliya, pakamwa panu sipachedwa pa nkhani ya mwamuna wanu. Ulendo uno musawayankhe. Muziti inde, wakalamba.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Dominiko